Munaika French drain koma khoma likunyowabe? Yambani kufufuza kotulukira madzi

Vuto lake limabwera mofanana pafupifupi nthawi zonse. Mvula ikagwa masiku awiri atatu motsatizana khoma limayamba kuda kuchokera m'munsi, penti akufufuma, pulasitala akuyoyoka ukangomukhudza ndi chala, pakona pakununkha chuku, ndipo ngati nyumbayo ili ndi besimenti, chipinda chija chimakhala kunsi kwa nthaka, mumapeza madzi atadikha pansi ngati wina wagwetsa ndowa usiku. Mumakolopa, mumapakanso penti, kukauma mumaiwala, mvula ikabweranso zayambanso. Nde wina amakuuzani kuti ikani French drain, mumaika, thukuta lapita, koma chaka chotsatira khoma lanyowa pomwe paja. Apa ambiri amangoti zinthuzi sizigwira ntchito. Zimagwira ndithu, kungoti pali penapake pamene madzi akusowa njira, ndipo malo amenewo amapezeka mukawafufuza mwadongosolo.

Kwa amene simunaionepo, French drain ndi ngalande yokwiriridwa. Mumakumba m'mbali mwa maziko, mumayala nsalu yosefa dothi imene amaitcha geotextile, mumathira kwale, mumagoneka paipi yobowolabowola, mumathiranso kwale pamwamba n'kukwirira. Dzinali lisakunamizeni, silikunena dziko la France ayi. Likuchokera kwa Henry Flagg French, loya wa ku Concord ku Massachusetts, amene mu 1859 anatulutsa buku lofotokoza mmene alimi angachotsere madzi m'minda yalowe. Iyeyo ankaganiza za minda, ife tinangobwereka nzeruyo kudzaiika m'mbali mwa nyumba.

Chinthu chimodzi chimene ndikufuna chilowe m'mutu musanagwire piki ndi ichi: ngalandeyi siitseka madzi. Imangowapatsa njira yapafupi. Nthaka ikakhuta, madzi amaima m'dothi ngati mmene amaimira m'chitsime, ndipo amakankha chilichonse chimene akhudza. Madzi akuya mita imodzi amapanikiza pansi pake ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa tani imodzi pa sikweya mita iliyonse, nde taganizani njerwa ndi simenti, zinthu zokhala ndi timing'alu tosaoneka, zikukankhidwa choncho usana ndi usiku kwa masabata. Madziwo apeza polowera basi. French drain imatsitsa madzi oima aja kuti asafike pa levulo ya khoma, koma imatero pokhapokha ngati madzi akulowa m'paipi, akuyenda, ndipo akutuluka kwinakwake kutali. Chimodzi mwa zitatuzi chikafa mwangokumba chithaphwi chobisika chozungulira nyumba yanu, ndipo pamenepo zinthu zimaipa kuposa kale chifukwa kwale uja amaitana madzi ambiri kuti adzakhale pafupi ndi maziko.

Koma tisanaimbe mlandu ngalande, tsimikizani kaye kuti madziwo ndi apansi panthakadi. Ndanena izi chifukwa ine ndinavutikapo nyengo yathunthu ndi khoma lina, ndikuganiza zokumba, kumapeto kupeza kuti ndi paipi ya madzi imene imadontha mkati mwa khomamo. Kuyesa kwake n'kosavuta, tsekani mipopi yonse m'nyumba, muwerenge mita ya madzi, mudikire maola awiri kapena atatu osatsegula paliponse, mukapeza manambala asuntha ndiye kuti pali paipi yodontha, itanani pulambala, ngalande ilibe mlandu. China, dulani pepala la pulasitiki lalikulu ngati mpango, mulimate pakhoma lonyowalo ndi tepi m'mbali zonse zinayi, mulisiye tsiku limodzi kapena awiri. Madontho akaoneka kunja kwa pepalalo, mbali yoyang'ana m'chipinda, chinyonthocho chikuchokera mu mpweya, chipindacho chikusowa mphepo yodutsa basi. Akaoneka kuseri, pakati pa pepala ndi khoma, madzi akudutsa m'khomamo. Onaninso nthawi yake, khoma lonyowa mvula ili mkati mogwa kawirikawiri ndi madzi apamwamba, a padenga kapena oyenda pabwalo, pomwe lonyowa patatha tsiku limodzi kapena awiri n'kukhala lonyowabe kwa masabata ndiye madzi apansi enieni. Ufa woyera uja umatuluka pakhoma ngati mchere nawonso ndi mboni, ndi mchere umene madzi amasungunula mu njerwa ndi simenti n'kuusiya pamwamba akamauma.

Za denga ndikhalitsepo pang'ono chifukwa anthu amazipeputsa. Mvula ya milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Denga la masikweya mita 100 likalandira mvula ya mamilimita 25 ndiye kuti malita 2,500 atsika, ndipo ngati gatala wanu amangotsanulira pansi m'mbali mwa khoma, kapena mulibe gatala n'komwe, madzi onsewo mukumwetsa maziko anu ndi manja anu omwe. Palibe French drain imene ingasangalale ndi zimenezo. Choipa kwambiri, chimene ndimachiona mobwerezabwereza, ndi kulumikiza paipi yotsika pa gatala ku paipi yobowola ija poganiza kuti zonse ndi madzi zipitire limodzi. Ayi abale. Paipi yobowola imalowetsa madzi komanso imatulutsa, nde ikadzaza ndi madzi a padenga imawalavulira m'mabowo muja molunjika pamaziko, n'kubweretsanso masamba ndi fumbi la pamalata zodzatseka njira. Madzi a padenga akhale ndi paipi yawoyawo yopanda mabowo. Komanso yang'anani mmene nthaka yapendekera pozungulira nyumba, iyenera kutsetsereka kuchoka kukhoma, pafupifupi masentimita 15 pa mamita atatu oyamba, ndipo dothi kapena maluwa asakwiririre khoma kupitirira pepala lotchinga chinyontho lija amaika pamwamba pa maziko, amisiri amati DPC. Nthawi zambiri mukakonza zimenezi theka la vuto latha musanakumbe.

Tsopano tinene kuti zonsezi mwaona, madzi ndi apansi ndithu, ngalande ilipo koma sikuthandiza. Musayambire pakhoma lonyowalo. Pitani kothera paipi, kumene madzi amatulukira, chifukwa kumeneko kuona n'kwaulere ndipo vuto limakonda kukhala komweko. Funso loyamba ndi lochititsa manyazi koma lofunika, kodi mukukudziwa kumene imatulukira? Eni nyumba ambiri sadziwa, ndipo ena mukawatsata mumapeza kuti paipi inangothera m'dothi, mmisiri anakwirira n'kumapita. Ngati kotulukirako kulipo, pitani mvula itagwa kwambiri mukaone. Pakamwa pa paipi pamatsekeka ndi udzu, matope okokoloka, chisa cha mbewa, achule, nthawi zina wina anaunjikapo dothi osadziwa. Pena paipi imathera mu ngalande ina imene nthawi ya mvula imadzaza mpaka kumiza kamwa lake, nde m'malo moti madzi atuluke amabwerera chammbuyo kupita kunyumba. Fukulani, chotsani zinyalala, ikani kawaya ka sefa kotchinga tizilombo, ndipo kamwalo likhale m'mwamba pang'ono kuposa pamene madzi amafika akasefukira.

Ngati imathera mu sokawe, dzenje lodzaza miyala lija madzi amalowerera pansi, pali mafunso awiri. Lili patali bwanji ndi nyumba? Malamulo omangira a ku England amati lisayandikire mamita 5, ndipo muyeso umenewu ndi wanzeru kulikonse, chifukwa sokawe wapafupi amangobwezera madzi omwewo kumaziko, mwazungulira n'kubwerera pomwe munayambira. Funso lachiwiri ndi dothi. M'dothi la mchenga sokawe amamwa bwinobwino, koma m'makande amadzaza tsiku loyamba n'kukhala wodzaza mpaka mvula ithe, ndipo paipi yothira m'dzenje lodzaza kale ili ngati yotsekedwa. Kumbani kadzenje pambali, muthiremo madzi, muone ngati mawa lake aphwa. Ngati alimobe, sokawe si yankho pamalo amenewo, pafunika kupeza kotsetsereka kapena kuika pampu. Ndipo chonde musalumikize ngalandeyi ku thanki ya septiki kapena ku paipi ya zonyansa, thanki imasefukira, fungo limabwerera, komanso m'mizinda yambiri ndi zoletsedwa.

Kotulukira kukakhala kuli bwino koma simukutuluka kanthu ngakhale mvula itagwa bwanji, yesani ndi paipi yothirira. Pezani potsegulira kumtunda kwa ngalande, ngati anaika kapaipi koimirira kokhala ndi chivindikiro, mutsegule madzi kwa mphindi 10 kapena 15 wina ataima kumusi akuyang'ana. Poyamba ena amalowerera m'kwale nde musathamange kuweruza, koma pakapita kanthawi ayenera kutuluka. Akatuluka ambiri komanso oyera, paipi ili bwino ndipo vuto ndi loti madzi apansi sakufika m'paipimo, tibwererako kumeneko. Akatuluka ofiira ndi matope, dothi likulowa. Akamabwerera pomwe mukuthirapo, patsekeka. Ngati potsegulira palibe, ndiye kukumba kadzenje kamodzi kumtunda n'kuikapo, ndipo ndikanakhala ine ndikanaika pa kona iliyonse, chifukwa ngalande yopanda potsegulira ili ngati chimbudzi chopanda chitseko chokonzera, tsiku lovuta mudzagumula zambiri.

Kutsekeka kumabwera ndi zinthu zitatu makamaka. Choyamba ndi dothi losalala lija limayenda ndi madzi, limadzaza mipata ya pakati pa miyala pang'onopang'ono mpaka kwale yense kusanduka ngati konkire. Izi zimachitika pamene sanaike nsalu, kapena anathira kwale wosatsuka wodzaza fumbi la pa kwale, fumbi limenelo likanyowa limagwirana n'kutseka mabowo mvula yoyamba yomwe. Ena amaika masaka kapena pulasitiki wakuda m'malo mwa geotextile, pulasitiki salola madzi kudutsa n'komwe, masaka amawola kapena kutsekeka. Nsalu yoyenera ndi yooneka ngati bulangete lopyapyala, osati yolukidwa, ndipo iyenera kukuta kwale yense, pansi, m'mbali ndi pamwamba, mapeto ake atapitirirana. Kungoveka paipi yokha nsalu n'kusiya kwale akukhudzana ndi dothi kumateteza paipi koma miyala imatsekekabe. Chachiwiri ndi mizu. Mtengo ukamva chinyontho umatumiza timizu tolowa m'mabowo, mkatimo timakula n'kupanga chimtolo ngati tsitsi. Chachitatu ambiri sachidziwa, ndi phala lina lofiirira ngati dzimbiri, loterera, lonunkha pang'ono, limene limapangidwa ndi mabakiteriya odya ayironi wosungunuka m'madzi apansi, amalitcha iron ochre. Limeneli silitha, ngati nthaka yanu ili nalo ndiye kuti mudzikhala mukutsuka paipi nthawi ndi nthawi ndi madzi amphamvu, n'chifukwa chake potsegulira paja ndi pofunika.

Apa mtundu wa paipi umasiyanitsa zinthu. Pali yofewa yamakwinya ija imabwera yokulunga, ndi yolimba ya PVC yosalala mkati. Yamakwinya ndi yosavuta kugoneka koma imatsatira chigwa chilichonse cha pansi pa ngalande, matope amakhala m'makwinyamo, imaphwanyika galimoto ikadutsa pamwamba, ndipo waya wotsegulira mapaipi amatha kuing'amba. Ine pamaziko a nyumba ndimakonda yolimba ya mamilimita 100, mutha kuitsuka osaopa, ndipo pokhota gwiritsani ntchito mabendi awiri a madigiri 45 m'malo mwa imodzi ya 90 kuti chotsukira chizidutsa.

Nanga ngati paipi siyotsekeka koma madzi amangokhalamo osayenda? Ndiye kutsetsereka. Muyeso wodziwika ndi sentimita imodzi pa mita iliyonse, ndiye kuti ngalande ya mamita 20 kothera kwake kukhale kotsika ndi masentimita 20 kuposa koyambira. Zikumveka zochepa eti, koma ndi maso simungaziyeze, nthaka imanamiza, mumaona ngati kwatsika pomwe kwakwera. Pafunika levulo ndi chingwe, kapena kapaipi koonekera mkati kodzaza madzi kaja amisiri amayezera. Ndipo sikokwanira kuti kumapeto kukhale kotsika, pakati ponse pasakhale mimba, chifukwa pamene paipi yafwafwala pamakhala madzi, pamene pakhala madzi pamakhala matope, zaka ziwiri zitatu patsekeka. Mimba zoterezi zimabwera pamene anakumba mopitirira n'kubwezeramo dothi losatsendera. Tsoka lake izi sizikonzeka ndi kutsuka, chigawo chimenecho n'chofukula basi.

Za mabowo pali mkangano umene sutha, ena amati ayang'ane m'mwamba kuti madzi agweremo ngati mvula. Koma madzi apansi sagwa kuchokera kumwamba, amakwera kuchokera pansi. Mabowo akayang'ana pansi madzi amayamba kulowa atangofika pamimba pa paipi, akayang'ana m'mwamba amadikira mpaka paipi yonse imire, ndiye kuti mwalola madzi kukwera masentimita 10 enanso m'mbali mwa maziko kwaulere, kuphatikiza apo dothi limagweramo mosavuta. Ayang'ane pansi, atatsamira pa kwale wa masentimita 5 mpaka 10.

Tibwerere ku ngalande ija imene paipi yake ili bwinobwino koma nyumba ikunyowabe. Kawirikawiri ndi kuya. Ngalande imatsitsa madzi mpaka pa levulo pamene paipi yagona basi, pansi pa pamenepo ilibe nazo ntchito. Nde ngati pansi pa besimenti yanu pali mamita awiri kunsi koma paipi ili pa theka la mita, ikungogwira madzi apamwamba, apansiwo akukankha khoma monga kale. Paipi iyenera kugona m'mbali mwa phazi la maziko, konkire yotambalala ija khoma limakhalapo, msana wake uli kunsi kwa levulo ya simenti yapansi ya m'chipindamo. Koma apa samalani kwambiri, musakumbe kupitirira pansi pa phazi la maziko muli pafupi ndi khoma, dothi limenelo ndi limene lasenza nyumba, mukalichotsa kapena madzi akamalikokolola khoma limatsika n'kung'ambika, vuto la chinyontho lasanduka vuto la nyumba yonse. Ngati kutsetsereka kukukukakamizani kutsika kuposa phazilo, ngalande isunthe kutali ndi khoma, mukatsika sentimita imodzi muchokenso kukhomako osachepera sentimita imodzi. Nyumba yakale ya maziko osazama musaifukule mbali yonse nthawi imodzi, chitani pang'onopang'ono, ndipo ngati pali kale ming'alu yoyenda ngati masitepe kapena khoma lapindikira mkati, imeneyo ndi ntchito ya injiniya, osati ya inu ndi fosholo yanu.

Ngalande yakuya imaphanso anthu, ndisabise. Dothi lokwana kiyubiki mita imodzi limalemera kuposa tani, ndipo lonyowa limagumuka osachenjeza. Ikapitirira mita imodzi ndi pang'ono, m'mbali mwake mufunika kutchinjiriza ndi matabwa kapena kusema motsetsereka, dothi lofukula liunjikidwe patali ndi m'mphepete, ndipo munthu asalowemo ali yekha. Dziwaninso kumene kwadutsa mawaya amagetsi ndi mapaipi amadzi piki isanagwe.

Poti mwafukula kale, musakwirire khoma lili lamaliseche. Litsukeni, mateni ming'alu, pakani phula lotchinga madzi, ngati mungapeze pepala lolimba lokhala ndi timatuza lija liikeni pamwamba pa phulalo kuti madzi azitsetsereka kupita ku kwale. Ngalande imachotsa kukankha kwa madzi koma dothi limakhalabe lonyowa, ndipo njerwa imayamwa chinyontho ngati chingwe cha nyali. Kwale akhale wotsuka, wa mamilimita pafupifupi 20, akwere osachepera masentimita 30 pamwamba pa paipi, m'makande ndi bwino kukwera naye kwambiri, kenako pindani nsalu, pamwamba penipeni mutseke ndi dothi lotsendera lopendekera kunja kuti madzi oyenda pabwalo asamathire mu ngalandemo.

Pali malo ena athyathyathya kapena otsika kuposa kulikonse kozungulira, kumene madzi alibe kolowera paokha. Kumeneko paipi imathira m'kadzenje ka konkire kapena ka pulasitiki, mkatimo muli pampu yoyaka yokha madzi akakwera. Besimenti ya pampu ikasefukira yambani ndi zophweka, magetsi alipo? Nyamulani choyandama chimene chimayatsa pampu chija ndi dzanja muone ngati pampu iyaka, chimakonda kukodwa kukhoma la dzenje kapena pa waya. Ngati ikulira koma madzi sakutsika, sefa yapansi yatsekeka ndi timiyala kapena paipi yotulutsa yatsekeka. Ngati ikuyaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima mphindi iliyonse, valavu yoletsa madzi kubwerera yafa, madzi amene yakweza akutsikiranso m'dzenje momwemo, kapena paipi yake ikutayira pafupi kwambiri ndi nyumba nde ikupopa madzi amodzimodzi. Ndipo poti mvula yamkuntho ndi kuthima kwa magetsi zimakonda kuyendera limodzi, batire yapadera si kunyada ayi. Thirani ndowa zingapo za madzi m'dzenjemo mvula isanayambe muione pampu ikugwira ntchito ndi maso anu.

Kumene kunja sikungakumbike, mwina nyumba zagundana kapena pali khonde la konkire, ena amaika ngalande mkati, amadula simenti yapansi m'mbali mwa khoma, amagoneka paipi m'kwale n'kuilozetsa ku pampu. Pansi pamauma ndithu, koma dziwani kuti khomalo kunja kwake likadali m'madzi, mwangowalandira bwino atalowa kale.

Mukakonza zonse musayembekeze kuti khoma liuma sabata yomweyo. Khoma lokhuthala limene lamwa madzi kwa zaka limatenga miyezi, ndipo mukathamangira kupaka penti wa mafuta mumatsekera chinyontho mkati, penti afufumanso, inu n'kumati ngalande yalephera. Palani pulasitala wovunda, tsukani mchere uja ndi burashi youma, tsegulani mawindo, kenako jambulani mzere ndi pensulo pamene chinyontho chalekezera n'kulembapo deti. Mvula yamphamvu ikagwanso tengani ambulera mupite kotulukira kuja mukaone ngati paipi ikulavula madzi, mukabwerako muone mzere wanu wa pensulo ngati banga latsika kapena lakwera.